Odwala Awiri, Malamulo Amodzi

Kwathu ku Chileka akuluakulu amakumbukabe tsiku la 6 Julaye 1958, pamene Dr. Kamuzu Banda anatera pabwalo la ndege, namtindi wa anthu ukuvina. Chaka chotsatira atsamunda atamutsekera ku Gweru, Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, anayambitsa chipani cha Kongeresi, nadzamupatsa Kamuzuyo mpando wa utsogoleri.

Ubwenziwo unatha mu 1964. Mu 1983 bwalo la mafumu linagamula kuti Orton ndi mkazi wake Vera anyongedwe pamlandu woukira boma. Anachita apilo, koma anadikira yankho ali m'ndende. Apiloyo inakanidwa mu 1984, chilango n'kusinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Maloya a ku Britain atamuyendera ku Zomba mu 1992, anapeza nkhalamba yosaona bwino, makutu atagontha. Anamwalira momwemo pa 20 Okutobala chaka chomwecho.

Lero makhoti amatha kupereka belo kwa womangidwa amene akudikira apilo, ngati pali zifukwa zapadera, ndipo maloya amatchula matenda aakulu pakati pa zifukwazo. Vuto, ndikuona ine, ndi loti wa ku Lirangwe wopanda loya pempholo amulembera ndani?

Nanga Kamuzu? Mu 1995, pamlandu wa nduna zitatu ndi phungu ophedwa ku Mwanza, ukalamba ndi matenda ake zinamveka. Sanalawe chitokosi. Anamusunga kunyumba ya Mudi ku Blantyre, madokotala ali pambali, mpaka khoti linamupeza wosalakwa mu Disembala.