Sabuside

Mawuwa anakhazikika m'Chichewa mu 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayamba kugawa makuponi a fetereza ndi mbewu. Sabuside ndi gawo la mtengo limene boma limalipirira mlimi kuti iye agule motchipa. Si ngongole ngati ya ku NEEF, chifukwa palibe chobweza. Si zaulerenso ngati sitatapaki wa nthawi ya Muluzi, pakuti mlimi amayenera kupisa m'thumba. Mu 2020, pulogalamu ya sabuside ya AIP itayamba, thumba la fetereza la makilogalamu 50 linali K4,495. Pofika 2022 linali K15,000.

Koma ku Neno, monganso kwina, tanthauzo linafupika. Munthu wa kwa Chekucheku akafunsa kuti “Sabuside wafika?” sakufunsa za ndondomeko ya boma ayi, akufunsa za thumba lenilenilo, la NPK kapena Urea. Ndipo funsolo n'lomveka: mvula ikayamba, msewu wopita kumtunda kwa Dambe umavuta, fetereza n'kufika chimanga chitayamba kale kuyezuka.

Chodandaulitsa n'chakuti mawuwa tawamangirira ku chimanga chokha. Ndalama za AGCOM, zimene boma limapereka ku makopaletivi mothandizidwa ndi World Bank, zimayenda mofananako: gulu limasonkha gawo lake, boma n'kuwonjezera lalikulu logulira makina kapena kumangira nkhokwe. Alimi a mbatatesi, tirigu ndi manachesi a ku Neno, pitani mukafunse alangizi za thandizo limeneli.