Kuumitsa ndi kukonza zosefera mafuta a chamba cha mafakitale

Uthenga uwu ndi wa alimi, makopaletivi ndi eni mafakitale ang'onoang'ono amene ali ndi chiphaso cholima kapena kuyenga chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala. Nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act m'chaka cha 2020, ndipo bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndi limene limapereka ziphaso. Kusuta chamba ndi koletsedwabe, ndipo kuyenga mafuta a chamba cha mtundu uliwonse popanda chiphaso ndi mlandu.

Zosefera ndi nsalu, ufa kapena dongo zimene mafuta amadutsamo kuti zinyalala zitsale. Ambiri amasamala kwambiri za njere ndi makina oyengera, koma thumba la zosefera amangoliponya pakona ya nyumba, pasimenti, lili kukamwa yasa. Zosefera zimayamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo chinyonthocho chimathera m'mafuta anu.

Chifukwa chiyani madzi ndi oopsa m'mafuta?

Njere za chamba cha mafakitale zimakhala ndi mafuta pafupifupi 30 peresenti. Mafutawa akamatuluka m'makina amakhala obiriwira komanso a mbuu chifukwa cha tizidutswa ta makoko ndi nsenga. Ndi mafuta osachedwa kuwonongeka kuyerekeza ndi a mtedza, chifukwa sagwirizana ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Madzi akalowamo amaphwanya mafutawo pang'onopang'ono n'kuchulukitsa asidi. Zotsatira zake mafuta amayamba kununkha ndi kukanda pakhosi asanathe nthawi imene munalemba pabotolo.

Malamulo a Codex Alimentarius, amene mayiko ambiri amatsatira pa malonda a zakudya, amati m'mafuta odya ochokera ku mbewu, madzi ndi zina zouluka pa kutentha kwa madigiri 105 zisapitirire 0.2 peresenti. Izi zikutanthauza magalamu awiri okha pa kilogalamu imodzi ya mafuta. Tiyerekeze kuti mwagwiritsa ntchito kilogalamu imodzi ya zosefera yomwe yayamwa chinyontho cha 10 peresenti posefa makilogalamu 40 a mafuta. Muli ndi magalamu 100 a madzi, pamene malire a mafuta amenewo ndi magalamu 80. Si madzi onse amene angalowe m'mafuta, komabe mwaona kuti mpata ndi wochepa, makamaka ngati njerenso sizinaume bwino. Njere zoyenera kusunga ndi kuyenga zikhale ndi chinyontho cha 8 kapena 9 peresenti.

Vuto lina limaonekera pa makina. Ufa wonyowa umachita mibulu, sukhala mofanana pansalu. Mafuta amapeza njira pamene pali popyapyala n'kudutsa osasefedwa, kapena ufawo umamatana ngati phala n'kutseka nsalu yonse.

Mitundu ya zosefera

Nsalu ndi pepala zosefera ndi zimene aliyense amayambira. Pa makina otchedwa filter press, nsalu za thonje kapena za polypropylene zimapanikizidwa pakati pa mbale, ndipo mafuta amakankhidwa ndi pampu.

Diatomite ndi ufa wopepuka wochokera ku zigoba za tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi timene tinaunjikana pansi kalekale. Ena amaudziwa ndi dzina la malonda lakuti Celite. Ntchito yake ndi kugwira zinyalala zokha, susintha mtundu kapena fungo la mafuta. Gulani wolembedwa kuti ndi wogwiritsa ntchito pa zakudya. Wosefera madzi a m'madamu osambira si woyenera.

Dongo loyeretsera mafuta, lomwe nthawi zambiri limakhala la mtundu wa bentonite, limayamwa ubiriwiri ndi zina zosungunuka m'mafuta. Lilipo lachilengedwe ndi lina lotsukidwa ndi asidi kuti likhale lamphamvu. Makala a activated carbon amachotsa mtundu ndi fungo. Silica gel amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'mafakitale oyenga mankhwala kuchokera ku maluwa a chamba.

Alimi amakonda kufunsa ngati angathe kusinja makala a pambaula kapena kukumba dongo la kudambo kuti apulumutse ndalama. Yankho ndi lakuti ayi. Makala wamba alibe timabowo tambirimbiri timene timagwira zinyalala, ndipo angasiye m'mafuta zotsalira za utsi zomwe ndi zoipa m'thupi. Dongo lokumba nokha lingakhale ndi mtovu kapena arsenic, zinthu zimene simungazione ndi maso koma ku labotale amazipeza.

Musanagule dongo kapena makala, dziwani izi. Mafuta amene mukufuna kugulitsa ngati oyengedwa popanda kutenthetsa amaloledwa kudikhitsidwa, kusefedwa, kutsukidwa ndi madzi kapena kuzunguzidwa pa makina basi. Mukawayeretsa ndi dongo kapena makala, asanduka mafuta a gulu lina, ndipo simungawalembenso dzina limenelo. Ubiriwiri wa mafuta a njere za chamba si chilema. Ogula ambiri amaufuna. Choncho kopaletivi imene ikuyenga njere zokha ingofunika nsalu ndi diatomite.

Yesani chinyontho ndi sikelo

Kugwira ufa ndi dzanja sikungakuuzeni zoona. Ufa umene ukuoneka wouma ndithu ukhoza kukhala ndi madzi ambiri m'timabowo take. Njira yodalirika ndi kuyeza kulemera.

Pezani sikelo yoyeza mpaka 0.1 galamu. Yezani magalamu 100 a ufa m'mbale yachitsulo youma. Ikani mu uvuni pa madigiri 105 kwa maola awiri. Tulutsani, vundikirani, dikirani kuti izizire, ndipo yezaninso. Bwezerani mu uvuni kwa mphindi 30 n'kuyezanso. Pitirizani mpaka kulemera kutasiya kutsika. Ngati magalamu 100 aja atsala 93, ndiye kuti munali chinyontho cha 7 peresenti. Fananitsani ndi zimene wopanga analemba pa pepala lofotokoza katunduyo. Wogulitsa aliyense wodalirika amakhala nalo pepalali, ndipo muli ndi ufulu wolipempha.

Kuyesaku kumafunika kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, komanso m'madera a chinyontho monga m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Ku Thyolo ndi ku Mulanje musadalire kuti mvula yatha, chifukwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsa thumba losatseka pa masiku ochepa.

Kaumitsidwe

Gwiritsani ntchito uvuni wamagetsi wokhala ndi choyezera kutentha, ndipo uvuniwo ukhale wa ntchito imeneyi yokha. Zosefera zimatenga fungo mosavuta. Mukaumitsa mu uvuni umene dzulo munawotcheramo nyama, fungolo mudzalipeza m'mafuta. Pa chifukwa chomwechi, musaumitse pa moto wa nkhuni kapena pambaula. Kuyanika padzuwa ngati chimanga sikuthandizanso. Dzuwa silichotsa madzi a mkati mwa timabowo, mphepo imauluza ufa, ndipo fumbi ndi zitosi zimagweramo.

Yalani ufa pa thireyi ya chitsulo chosachita dzimbiri, usapitirire masentimita awiri kuchindikala. Ukachindikala, pamwamba pamauma pansi pali ponyowa. Diatomite aume pa madigiri 105 mpaka 110 kwa maola awiri kapena kuposerapo, kufikira kulemera kutasiya kusintha. Makala a activated carbon aumenso pa kutentha komweko, ndipo musawatalikire, chifukwa ndi makala ndithu, amayaka. Silica gel amauma pa madigiri pafupifupi 120. Magetsi akazima ntchito ili mkati, musatsegule uvuni. Akayaka, yambiraninso kuwerenga nthawi.

Dongo loyeretsera lili ndi khalidwe lakelake, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa chifukwa chotengera zimene aona pa intaneti. Dongo limeneli limachoka kufakitale lili ndi chinyontho cha pafupifupi 10 peresenti, ndipo si mwangozi. Madzi amenewa amathandiza kuti timapepala ta dongolo tikhale totseguka. M'mafakitale akuluakulu oyenga mafuta ophikira, dongo amalithira m'mafuta otentha pafupifupi madigiri 100 m'thanki yochotsedwa mpweya, ndipo madziwo amatuluka okha ntchito ili mkati. Mukaliwotcha mopitirira muyeso, timapepala tija timaphwatalala ndipo mphamvu yake yoyamwa imachepa osabwereranso. Langizo langa ndi lakuti dongo la m'thumba latsopano losatsegula musaliumitse pokhapokha wopanga atanena choncho. Ngati thumba linakhala lotsegula ndipo sikelo ikuonetsa chinyontho chopitirira cha pa pepala, umitsani pa madigiri 105 mpaka lifike pa muyeso umenewo, osapitirira. Ngati linanyowa mpaka kuchita mibulu yolimba kapena chuku, tayani.

Nsalu zichapidwe ndi madzi otentha ndi sopo wopanda fungo, zitsukuluzidwe kangapo, ndipo ziyanikidwe pachingwe pamalo opita mphepo kufikira zitauma gwa. Pa msoko ndi m'mphepete ndi pamene madzi amabisala. Nsalu za polypropylene musaziike mu uvuni kapena kuzisita chifukwa zimakwinyika ndi kusungunuka. Nsalu imene ikumvekabe fungo la mafuta akale ikachapidwa yatha ntchito.

Kuziziritsa ndi kusunga

Ufa wotentha ukangotuluka mu uvuni umayamba pomwepo kukoka chinyontho. Mukausiya pa tebulo kuti uzizire usiku wonse, magetsi anu apita pachabe. Konzeranitu zitini kapena mabotolo agalasi ouma okhala ndi zotsekera zothina. Thirani ufa ukadali wofunda, tsekani, ndipo uzizirire momwemo. Musathire ufa wotentha m'chigubu chapulasitiki.

Lembani pa chitini dzina la ufa, tsiku louma ndi chinyontho chimene munapeza. Zolembazi zidzakuthandizani tsiku limene wogula kapena a Malawi Bureau of Standards adzafunse za kakonzedwe ka mafuta anu. Ikani zitini pa thandala, osati pasimenti, kutali ndi feteleza, dizilo ndi mankhwala ophera tizilombo. Makala makamaka amayamwa fungo lililonse limene lili m'chipinda. Ndi bwino kuumitsa ufa wokwanira sabata imodzi kusiyana ndi kuumitsa thumba lonse n'kumatsegula tsiku ndi tsiku.

Kukonzekera kusefa

Siyani mafuta adikhe kwa masiku angapo m'thanki yotseka, pamalo amdima, kuti nsenga zikuluzikulu zikhale pansi. Mukatero mugwiritsa ntchito ufa wochepa. Kenako sakanizani diatomite ndi mafuta pang'ono osefedwa kale, ndipo zungulizani ndi pampu kudutsa pa nsalu mpaka mafuta atayamba kutuluka oyera. Apa ndiye kuti ufa wayalika pansalu. Kawirikawiri pamafunika theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sikweya mita imodzi ya nsalu. Musasakanize ndi madzi. Pampu ikangoyamba musaizimitse pakati, chifukwa ufa woyalika uja umagwa.

Amene ali ndi chiphaso choyenga mankhwala kuchokera ku maluwa adziwe zinthu ziwiri. Makala ndi dongo zikachuluka zimatenga ndi CBD yemwe, amene ndiye ndalama yanu. Chachiwiri, dongo lotsukidwa ndi asidi likakumana ndi kutentha lingasinthe CBD kukhala mitundu ya THC, ndipo katundu wanu angapezeke atapitirira malire a lamulo inu musakudziwa. Yesani pa mlingo wochepa ndi kutumiza ku labotale musanasefe katundu yense. Kuyenga ndi gasi kapena spiriti ndi ntchito ya mufakitale yomangidwira zimenezo. Musayese m'nyumba kapena m'shedi, ndipo uvuni woumitsira usakhale m'chipinda chimodzi ndi zinthu zimenezi. Zosefera zimene zanyowa kale ndi spiriti zisalowe mu uvuni.

Fumbi ndi moto

Fumbi la diatomite, makamaka wowotchedwa kufakitale, lili ndi silica amene amawononga mapapo munthu akamalipuma kwa nthawi yaitali. Valani masiki a N95 kapena FFP2 poyala ndi potunga ufa. Kansalu komanga pamphuno sikokwanira. Ufa ukatayika pansi, pukutani ndi chiguduli chonyowa m'malo mosesa.

Ngozi imene ambiri saidziwa ili pa zosefera zotha ntchito. Ufa, dongo kapena nsalu zokhathamira ndi mafuta a chamba zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha, chifukwa mafutawo akamakumana ndi mpweya amatulutsa kutentha, ndipo mulu sulola kutenthako kuthawa. Mulu wotere ukhoza kufuka utsi ndi kuyaka usiku popanda woyatsa. Mukangochotsa pa makina, ikani m'ndowa yachitsulo, thirani madzi mpaka zimire, vundikirani ndi kutulutsa panja, kutali ndi nkhokwe ya njere ndi denga la udzu. Dongo ndi makala otha ntchito musawaumitsenso kuti mugwiritse ntchito kachiwiri, ndipo musasakanize ndi zotsalira za njere zimene mumadyetsa ziweto.