Gofu: Masewero a Pamchenga Omwe Adalowa M'mpanda

Munthu akamadutsa pafupi ndi bwalo la gofu amaona kapinga wometedwa bwino, mitengo yamthunzi ndiponso mpanda wautali. M'kati mwa mpandamo mumakhala akuluakulu atatu kapena anayi akuyenda pang'onopang'ono, pambuyo pawo pali anyamata osenza zikwama za ndodo. Pachifukwa chimenechi anthu ambiri amakhulupirira kuti gofu ndi masewero a mabwana ndi anthu a ndalama okhaokha. Komatu mbiri ikuonetsa kuti masewerowa sadabadwire m'mpanda. Adayambira pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, pomwe nkhosa zinkadya msipu ndiponso amayi ankayanika zovala. Mpanda udachita kubwera pambuyo, ndipo ntchito yougwetsa yatenga zaka zambiri.

Cholinga cha masewerowa n'chosavuta kuchimvetsa. Wosewera amamenya kampira kolimba ndi ndodo yopindika kumapeto mpaka kakalowe m'kadzenje kotambalala mamilimita 108, komwe kamakhala pamtunda wa mamita mazana angapo. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, ndipo amapambana ndi yemwe wamaliza maenje onsewo atamenya kochepa kuposa anzake.

Masewero omenya mpira ndi ndodo ankapezeka m'maiko angapo kalekale, monga ku Netherlands, koma gofu wa maenje yemwe akudziwika lero adakulira kum'mawa kwa dziko la Scotland. Kumeneko, pakati pa nyanja ndi minda, pali malo amchenga ndi timapiri ting'onoting'ono pomwe mbewu sizimera bwino. Popeza padalibe wofuna kulimapo, malowo adakhala a mudzi wonse. Nkhosa ndi akalulu ndizo zinkameta udzu, ndipo mphepo ndiyo inkakumba maenje amchenga omwe lero akatswiri amachita kuwakonza ndi ndalama zambiri. Munthu aliyense wokhala ndi ndodo ndi kampira adali ndi ufulu wosewerapo.

Umboni woyamba wolembedwa wa gofu ku Scotland ndi lamulo lomuletsa. M'chaka cha 1457, pa ulamuliro wa Mfumu James II, nyumba ya malamulo ya dzikolo idaletsa gofu pamodzi ndi mpira wa miyendo. Nthawi imeneyo Scotland inkamenyana kawirikawiri ndi England, ndipo boma linkafuna kuti amuna azigwiritsa ntchito nthawi yawo yopuma pophunzira kuponya mivi. Lamuloli lidabwerezedwa mu 1471 ndi mu 1491, kusonyeza kuti anthu sankalimvera. Likusonyezanso kuti osewerawo adali anthu wamba, pakuti ndi amenewo omwe mfumu inkawadalira kunyamula uta pankhondo.

Zinthu zidasintha mu 1502 pamene maiko awiriwa adagwirizana zamtendere. M'chaka chomwecho Mfumu James IV idagula ndodo za gofu kwa mmisiri wosema mauta wa mumzinda wa Perth. Mmisiri wa zida za nkhondo ndiye adayamba kusemera mfumu zida za masewero omwe adaletsedwa chifukwa cha nkhondo yomweyo. Mu 1552 Bishopu Wamkulu John Hamilton adasainira chikalata chovomereza kuti anthu a m'tauni ya St Andrews ali ndi ufulu wosewera gofu pamalo awo amchenga. Kwa zaka zambiri mfumu ndi msodzi ankasewera masewero amodzi pa nthaka ya mtundu umodzi.

Chomwe chidayamba kulekanitsa olemera ndi osauka ndi kampira. Kampira kabwino ka nthawi imeneyo kankapangidwa ndi chikopa chomwe ankachisoka n'kutsenderamo nthenga za tsekwe zowiritsa. Mmisiri waluso ankatha kupanga timipira titatu kapena tinayi tokha patsiku, kotero kuti mtengo wa kamodzi unkaposa nthawi zina mtengo wa ndodo. Kuonjezera apo kampirako kankaonongeka msanga kakanyowa. Wosauka sakadakwanitsa kugula timipira totere sabata ndi sabata, motero gofu wa zida zabwino adatsalira anthu a chuma.

Anthu a chumawo ndiwo adayambitsa makalabu. Mu 1744 gulu la osewera a ku Leith, pafupi ndi mzinda wa Edinburgh, lidalemba malamulo 13 omwe ndi oyamba kudziwika m'mbiri ya gofu. Adawalemba pokonzekera mpikisano wolimbirana ndodo yasiliva yomwe khonsolo ya mzindawo idapereka, ndipo adapambana ndi dokotala wina dzina lake John Rattray. Mu 1754 anthu 22 otchuka adakhazikitsa gulu lawo ku St Andrews. Mu 1764 gulu limeneli lidachepetsa maenje a bwalo lake kuchoka pa 22 kufika pa 18, ndipo m'kupita kwa nthawi dziko lonse lidatengera chiwerengerochi. Mu 1834 Mfumu William IV idalola kuti gululi lizitchedwa Royal and Ancient Golf Club. Bwalo lidakhalabe la onse, koma m'nyumba ya kalabu munkalowa osankhika okha. Chodabwitsa n'chakuti odziwa kusewera koposa adali omwe sankaloledwa kulowamo: osema ndodo, osoka timipira ndi onyamula zikwama.

Ngakhale bwalo lenilenilo lidatsala pang'ono kuwatayika anthu a ku St Andrews. Mu 1797 khonsolo ya tauniyo, itazingwa ndi ngongole, idagulitsa malowo, ndipo posakhalitsa adagwera m'manja mwa anthu oweta akalulu amalonda. Akalulu adakumba mauna ponseponse, osewera nawo adayamba kupha akaluluwo, ndipo milandu idayenda m'makhoti kwa zaka zambiri. Mkanganowo udatha mu 1821 pamene James Cheape, mwini minda wokonda gofu, adagula malowo. Mu 1894 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lomwe lidabwezera bwalolo m'manja mwa tauni.

Chomwe chidabwezera gofu kwa anthu wamba chidalinso kampira. Cha m'ma 1848 padatulukira kampira kopangidwa ndi utomoni wouma wa mtengo wina wa ku Malaya. Kadali kotsika mtengo, kolimba, ndipo mvula sinkakaononga. Allan Robertson, katswiri wa gofu yemwenso adali wosoka timipira ta nthenga ku St Andrews, adaona kuti malonda ake athera pomwepo. Atapeza wantchito wake, Tom Morris, akusewera ndi kampira katsopanoko, awiriwo adakangana mpaka kusiyana ntchito. Morris adapita kukasamala bwalo latsopano ku Prestwick, komwe mu 1860 kudachitikira mpikisano woyamba wa Open. Osewera adalipo 8 okha ndipo adapambana ndi Willie Park. Pambuyo pake Morris adaupambana mpikisanowu kanayi. Njanji nayo idali itafika ku St Andrews mu 1852, motero aphunzitsi, akalaliki ndi amalonda a m'mizinda adayamba kupita kunyanja kukasewera pa masiku a tchuthi.

Kuchoka ku Scotland gofu adayenda ndi asilikali, amalonda ndi ogwira ntchito m'boma la Britain. Kalabu ya ku Calcutta, m'dziko la India, idakhazikitsidwa mu 1829, ya ku Montreal mu 1873, ndipo ya ku Cape Town mu 1885. Ku Nyasaland nako azungu adatsegula makalabu awo, monga Blantyre Sports Club ya mu 1896, ndipo m'kupita kwa zaka mabwalo a gofu adapezeka ku Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Koma gofu wopita kumaiko a atsamunda adasiya khalidwe lake lakale kwawo. Kumeneko bwalo silidali la mudzi. Lidali la kalabu, ndipo eni nthaka ankalowamo ngati otchetcha udzu, operekera zakumwa ndi onyamula zikwama. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kuseri kwa kapinga wokongolayo kudali tsankho. Apa m'pomwe padachokera maganizo akuti gofu ndi masewero a mabwana.

Komabe onyamula zikwama omwewo ndiwo adayamba kuboola mpandawo. Mnyamata yemwe amayenda tsiku ndi tsiku pambuyo pa osewera amalidziwa bwalo kuposa bwana wake, ndipo amaphunzira kumenya mpira pongoonerera. Mu 1913, ku Brookline m'dziko la America, Francis Ouimet, mnyamata wa zaka 20 wochokera m'banja losauka, yemwe adakulira moyang'anizana ndi bwalo akunyamulira ena zikwama, adagonjetsa akatswiri awiri a ku Britain, Harry Vardon ndi Ted Ray, pa mpikisano wa US Open. Yemwe adamunyamulira chikwama adali mwana wa zaka 10. Nkhaniyi idafala m'manyuzipepala ndipo idalimbitsa mtima anthu wamba ambiri a m'dzikolo kuti ayambe gofu.

Mpanda wa khungu ndiwo udali wovuta kwambiri. Bungwe la akatswiri a gofu ku America lidali ndi lamulo, kuyambira mu 1934 mpaka mu 1961, lolola azungu okha kukhala mamembala. Charlie Sifford, yemwenso adayamba ngati wonyamula zikwama, adapirira chipongwe ndi ziopsezo kufikira atakhala munthu wakuda woyamba kulandira chiphaso chosewerera m'mipikisano ya bungweli. Ku South Africa kudali Papwa Sewgolum, mmwenye wosauka wa ku Durban, yemwe adadziphunzitsa yekha ndipo ankagwira ndodo mosemphanitsa manja. Adapambana mpikisano wa Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964. Kwawo adapambana Natal Open mu 1963, n'kudzaupambananso mu 1965 atagonjetsa Gary Player. Koma malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu, ndipo chithunzi chake akulandirira mphoto panja, mvula ikugwa, chidafalitsidwa m'maiko ambiri n'kuchititsa manyazi boma la dzikolo. Pambuyo pake boma lidamutsekera mipikisano ya azungu, ndipo adamwalira mu 1978 ali mmphawi. Ku America, Lee Elder adakhala munthu wakuda woyamba kusewera mpikisano wa Masters mu 1975, ndipo mu 1997 Tiger Woods, ali ndi zaka 21, adaupambana mpikisano womwewo.

Amayi adadikira nthawi yaitali kuposa apo. Ngakhale kuti ku St Andrews kudali gulu la amayi osewera gofu kuyambira mu 1867, kalabu ya Royal and Ancient idavomereza kulandira amayi ngati mamembala mu 2014, patapita zaka 260 chikhazikitsidwire. Kalabu ya ku Muirfield, yomwe idachokera ku gulu lija lidalemba malamulo mu 1744, idavomereza mu 2017.

N'chifukwa chiyani anthu adalimbikira chotere kuti alowe m'bwalo lomwe ankakanidwamo? Yankho likupezeka mwa anthu miyandamiyanda omwe amasewera gofu pongosangalala, osayembekezera chikho. Mpira wa miyendo umamusiya munthu mawondo akayamba kuwawa, koma gofu munthu atha kumuyamba ali ndi zaka 40 n'kumusewera mpaka imvi zitadzaza mutu. Pomaliza maenje 18 amakhala atayenda makilomita oposa 6 pamphepo yabwino, akucheza ndi anzake kwa maola pafupifupi anayi. Palinso njira yotchedwa handicap, yomwe imachotserako wosewera wosadziwa kwenikweni chiwerengero china pa kumenya kwake, molingana ndi momwe wakhala akusewerera m'mbuyomo. Potero nkhalamba ndi mdzukulu wake, kapena katswiri ndi wophunzira kumene, amatha kupikisana popanda wina kudziwiratu kuti wapambana. Mu 2020 mabungwe oyendetsa gofu adakhazikitsa njira imodzi yowerengera handicap padziko lonse.

Gofu amaphunzitsanso makhalidwe awiri omwe munthu wamkulu amawasowa kawirikawiri. Loyamba ndi kudekha, pakuti wopupuluma ndi wopsa mtima amataya mpira m'thengo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachiwiri ndi chilungamo. Pamasewero a tsiku ndi tsiku sipakhala woyimbira, ndipo wosewera amadziweruza yekha. Mu 1925, pa mpikisano wa US Open, Bobby Jones adaona kuti mpira wake wasuntha pang'ono pamene ankakonzekera kumenya. Oyang'anira sadaone kanthu, koma iye adaumirira kuti alandire chilango. Mapeto ake adafanana mphamvu ndi Willie Macfarlane ndipo adagonja pa masewero obwereza. Kufikira lero Jones amakumbukiridwa chifukwa cha chilango chimenecho monga momwe amakumbukiridwira chifukwa cha zikho zake.

Malamulo oletsa munthu chifukwa cha khungu lake adachotsedwa, ndipo makalabu ambiri omwe ankakana amayi adatsegula zitseko. Mpanda womwe watsala ndi wa ndalama. Ndodo n'zodula, umembala wa kalabu n'ngokwera, ndipo bwalo limadya malo aakulu ndi madzi ambiri pomwe anthu oyandikana nalo akusowa pomanga nyumba. Ku Malawi, monganso m'maiko ena omwe adali pansi pa Britain, ufulu wodzilamulira wa mu 1964 udatsegula zipata za makalabu, koma mtengo udakali kusankha yemwe alowe. Komabe mbiri yaonetsa kuti nthawi zonse pamene kampira katsika mtengo kapena chipata chatseguka, anthu wamba akhala akulowa mwaunyinji, ndipo ena mwa iwo akhala akuposa omwe ankawanyamulira zikwama.

Bwalo lakale la ku St Andrews, lomwe akatswiri onse amalilakalaka, likadali la anthu onse, ndipo limayendetsedwa ndi bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo. Munthu safunika kukhala membala wa kalabu kuti asewerepo, ngakhale kuti mlendo amalipira ndalama zambiri. Pafupifupi Lamulungu lililonse gofu saseweredwa pabwalopo. Tsiku limenelo anthu a m'tauni amayendapo ndi ana awo ndi agalu awo, ena kukhala pakapinga n'kumadya kamba, monga momwe makolo awo ankachitira pa nthawi ya Bishopu Hamilton.