Mawu amene amamudikira mlendo akadutsa pa Chiponde

Munthu wochokera ku Namwera kapena ku Mangochi akadinditsa mapepala ake pa Chiponde n'kulowa ku Mandimba m'dziko la Mozambique, mtima sumuuza kuti wafika kunja. Nthaka ndi yomweija, mango ndi omwe aja, mzikiti ukuitana pa nthawi yake, amayi amanga zitenje, ndipo Chiyao chimene anachisiya ku Namwera akuchipezanso pamsika. Galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu. Ngakhale wotchi sasintha. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa anthu amodzi, moti ambiri opita kukalima kapena kukachita geni m'chigawo cha Niassa amafikira kwa abale. Kufanana kumeneku n'kumene kumamugoneka tulo mlendo. Wopita ku Johannesburg amanyamuka atamanga mtima, koma wopita ku Mandimba amanyamuka ngati akupita kumsika wa Lachiwiri.

Akatswiri a chikhalidwe cha anthu ali nalo dzina la zimene zimamugwera munthu wosamukira kudziko lina. Amati culture shock. Amene anawatchukitsa mawuwa ndi Kalervo Oberg, yemwe anawakamba ku Rio de Janeiro mu 1954 n'kuwasindikiza mu 1960. Mfundo yake inali yoti munthu amayenda tsiku lonse modalira tizizindikiro timene sationa n'komwe: mopatsira moni, moitanira wamkulu, nthawi yokana ndi nthawi yovomera. Tizizindikiroti tikachotsedwa amasowa pogwira. Oberg anati poyamba mlendo amakomedwa ndi zachilendo, kenako amaipidwa n'kuyamba kunyoza eni dziko, pambuyo pake amayamba kutolera mawu ndi njira, mpaka azolowera. Ndimamuvomereza pa mfundo ya tizizindikiro ija. Koma ndondomeko yakeyo inalembedwera anthu owoloka nyanja zamchere. Mmalawi wa ku Mandimba sakhala nayo nyengo yokomedwa, chifukwa palibe chachilendo chimene maso ake akuona. Kuzunguzika kwake kumabwera mochedwa, pang'onopang'ono, ndipo kumalowera m'khutu.

Kumayambira pa ndalama. Metikali inalowa m'malo mwa escudo ya Apwitikizi mu 1980, ndipo mu 2006 boma linachotsa maziro atatu, moti 1,000 yakale inasanduka metikali imodzi. Koma pakamwa pa anthu mawu akale akuti conto, amene ankaimira 1,000, sanachokepo. Tayerekezani mayi wa ku Katuli waima pa benchi ya usipa, wogulitsa wamuuza kuti "cem contos". Mayiyo wagwira pepala la 100 m'manja, akulitembenuza uku ndi uku kufunafuna pamene alemba conto, sakupapeza. Akulibweza m'kansalu, akuganiza kuti ndalama yake yachepa, pamene mtengo wake ndi pepala lomwelo. Kumbuyo kwake ena akudikira, ndipo manyazi amugwira pa chinthu chimene mwana wa zaka 7 wa pomwepo amachidziwa. Ndiye kumutu akuwerengeranso m'makwacha pa mtengo umene anamusinthira anyamata a pamalire m'mawa uja. Akafuna kutumiza ndalama pafoni amufunsa ngati ali pa M-Pesa kapena e-Mola, pamene iye anazolowera Mpamba ndi Airtel Money.

Komabe mawu a pamsika savuta kwa nthawi yaitali. Munda ndi machamba, minibasi ndi chapa, chitenje ndi capulana, nsima ndi xima, ndiwo ndi caril. Ganyu amati ganho-ganho, ndipo apa khutu la Mmalawi limatseguka lokha, pakuti Chipwitikizi chinalowa kale m'Chichewa: nsapato, kalata, mbatata, kapitawo, kachasu. Nthawi nayo imamupunthwitsa masabata oyamba okha, mpaka atazindikira kuti "catorze horas" ndi 2 koloko masana.

Ovuta ndi mawu a ulamuliro. Kwathu mlendo amadziwa khomo loyamba kugogoda: kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu, kenako kwa mfumu yaikulu. Ku Mozambique makomo ndi awiri. Dziko litalandira ufulu mu 1975, Frelimo, imene inatenga boma, inawakankhira kumbali mafumu, amene Apwitikizi ankawatcha régulo, powaona ngati anali manja a atsamunda, ndipo inaika anthu ake m'midzi ndi m'matauni. Mafumu anavomerezedwanso mwalamulo mu 2000, koma dongosolo linalo silinafe. Lero tauni imagawidwa m'ma bairro, bairro iliyonse ili ndi secretário, pansi pake pali chefe do quarteirão, ndipo pansi penipeni pali woyang'anira nyumba khumi. Mmalawi wofuna malo olima ku Ngauma akhoza kupita kwa mfumu ndi nkhuku yake, n'kulankhulana bwinobwino m'Chiyao, n'kubwerako mtima uli m'malo. Tsiku lofuna kalata yotsimikizira kumene amakhala, imene amati declaração, m'pamene amamva kuti secretário sakumudziwa. Sanalakwe mwadala. Anagogoda khomo limodzi lokha chifukwa kwawo khomo ndi limodzi. Eni dera nawonso samuona ngati wosadziwa, amamuona ngati wozemba, ndipo kukayikirana kumayambira pamenepo.

Pamwamba pa onse pali mawu akuti documento. Amalawi tinakula opanda chiphaso cha unzika m'thumba. Kalembera wa dziko lonse anachitika mu 2017, dzulodzuloli. Mnzathu wa ku Mozambique anakulira m'dziko limene pepala lakhala likufunsidwa kuyambira kale: kabuku ka msonkho ndi ntchito m'nthawi ya atsamunda, guia de marcha yoyendera m'zaka za nkhondo yapachiweniweni, ndipo lero BI ya nzika ndi DIRE ya mlendo wokhazikika. Kwa iye kufunsidwa pepala pamsewu ndi gawo la ulendo. Kwa Mmalawi ndi chipongwe, ndipo nkhope yake imaonetsa. Apa mpamene amaphunziranso kuti refresco si chakumwa chozizira chokha, ndi dzinanso la kangachepe. Zimandipweteka kuti mawu amenewa amagwira kwambiri anthu osauka, aganyu a m'minda ya fodya ndi amayi a geni, amene sadziwa kuti pepala lawo likuwalola masiku angati ndiponso alibe Chipwitikizi chofunsira chimene alakwa.

Ukamalowera mkati zinthu zimasinthanso. Ku Ngauma ndi ku Massangulo Chiyao chimamunyamula munthu. Koma msewu wa N13 ukamufikitsa ku Cuamba, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Mandimba, pamsika pamamveka Chimakua ndipo mu ofesi ndi Chipwitikizi chokhachokha. Tauni imeneyi, imene atsamunda ankaitcha Nova Freixo, ndi mphambano ya njanji: ina yopita ku Nacala, ina ku Lichinga, ina yolowa kwathu kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi kuyambira 1970. Kuno amene amavutika kwambiri si mlimi wosapita kusukulu. Ndi uja wa satifiketi ya MSCE, amene moyo wake wonse Chingerezi chakhala chikumutsegulira zitseko. Amafika pa windo, n'kuyamba Chingerezi chake chosalala, kalaliki n'kungomuyang'ana. Ulemu wonse umene sukulu inamupatsa watsala pa Chiponde. Ambiri otere ndiwo amafulumira kunena kuti anthu a kuno ndi ovuta, ndipo ndiwo amachedwa kuphunzira "com licença" ndi "faz favor", mawu aafupi amene amafewetsa nkhope ya munthu asanamve n'komwe chimene wadzera. Kuchipatala ndiye kumawawa zedi. Bambo wamkulu amalephera kufotokoza pamene pakumupweteka, mpaka mwana wake amene wangophunzira chaka chimodzi pasukulu ya pomwepo ndiye amumasulira matenda amene kwathu mwana sayenera kuwamva.

Ndiye pali dzina limene mlendoyo amapatsidwa. Pa pepala ndi estrangeiro. Pamsewu ndi malawiano, ndipo kukoma kapena kuwawa kwa dzinali kumadalira amene walitchula. Ife sitiyenera kudabwa, pakuti tili nawo athu mawu akuti obwera, ndipo Alomwe amene anachoka mbali yomweyi kuthawa chibalo n'kukakhala ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe anawamva kwa zaka zambiri. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Malawi anasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Ana amene anakulira m'misasa ndi m'midzi ya kwathu nthawi imeneyo lero ndi akuluakulu ku Mandimba ndi ku Cuamba, ena ali ndi mashopu, ena amayendetsa chapa, ena ndi ma secretário. Kawirikawiri mmodzi wa iwowa ndiye amatulukira pamzere Mmalawi akasowa chonena pa windo, n'kumufunsa m'Chichewa chomveka bwino kuti, "Achimwene, mukufuna pepala lanji?" Akatero amamulembera pa kapepala dzina la ofesi ndi mawu oti akanene akafika.