Moto m'Nyumba za Maphunziro: Zimene Mbiri Yatisungira

Usiku woyamba wa mwezi wa Ramadhan m'chaka cha 654 cha Hijra, chomwe ndi 1256 pa kalendala ya masiku ano, mmodzi mwa ogwira ntchito mu Mzikiti wa Mtumiki ku Madinah analowa m'chipinda chosungiramo katundu atanyamula moto wounikira. Lawi linagwira zina mwa zinthu za m'menemo, iye analephera kulizimitsa, ndipo posakhalitsa linakwera kudenga lomwe linali la matabwa. Anthu a mumzindamo anathamangirako koma sanaphule kanthu: denga linapsa n'kugwa. Khalifa al-Musta'sim anayamba ntchito yokonzanso, koma Baghdad inagwa m'manja mwa a Mongol mu 1258, kotero ntchitoyo inadzatsirizidwa ndi mafumu a ku Egypt, makamaka Sultan Baybars. Mu 1481, mkati mwa Ramadhan momwemo, mphenzi inagwera pa nsanja yoitanirapo Swala ndipo mzikiti unayakanso. Mabuku ambiri anapsa, kuphatikizapo a katswiri wa mbiri ya Madinah, al-Samhudi, ndipo anaumanganso ndi Sultan Qaitbay.

Tayamba ndi mzikiti umenewu chifukwa ndi imodzi mwa sukulu zoyambirira za Chisilamu, m'mene ma Swahaba ankakhala pansi kuphunzira Qur'an. Ngati malo olemekezeka chotere anapsa kawiri, palibe madrasa yathu imene ingadzinamize kuti moto udzailambalala chifukwa mkati mwake mukuwerengedwa Mawu a Allah. Allah anaupatsa moto chikhalidwe chake, ndipo ife anatipatsa nzeru zoti tikhale nawo mosamala.

Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaphunzitsa zimenezi kalekale. Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira kuchokera kwa Abu Musa al-Ash'ari nkhani ya nyumba ina ku Madinah imene inapsa usiku eni ake ali momwemo. Mtumiki atauzidwa, analangiza anthu kuti aziuona moto ngati mdani ndipo aziuzimitsa popita kukagona. M'Hadith ina anapereka chifukwa cholamulira kuzimitsa nyali: khoswe akhoza kukoka chingwe cha nyali yoyaka n'kutentha nyumba. Taonani kaphunzitsidwe kake. Anatchula chinthu choyambitsa ngozi, njira imene ngoziyo imadzera, ndi nthawi imene munthu amakhala wopanda chitetezo. Uku ndiko kuunika chiopsezo kumene akatswiri a masiku ano amaphunzitsa.

Komabe mbiri ya zaka zaposachedwapa ikutichititsa manyazi. Mu September 1989, ku Yan m'chigawo cha Kedah ku Malaysia, atsikana 27 anafera m'malo ogona a sukulu ya chipembedzo, ndipo zinamveka kuti motowo unayamba ndi kandulo wowerengera usiku. Mu March 2013, m'dera la Médina mumzinda wa Dakar ku Senegal, ana 9 anapsa m'chipinda chimene ankagona ophunzira Qur'an. Mu September 2019, ku Paynesville pafupi ndi Monrovia ku Liberia, ana oposa 25 anamwalira moto utabuka usiku pa sukulu ya Qur'an yogonera pomwepo. Mu February 2025, ku Kaura Namoda m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria, ana 17 anapita mwanjira yomweyo. Ambiri mwa iwo makolo awo anawatumiza kukasunga Buku la Allah pamtima.

Ngozi imene ikutiphunzitsa momveka bwino kwambiri ndi ya pa 14 September 2017, pa sukulu ya Darul Quran Ittifaqiyah ku Kuala Lumpur. Anyamata ena akunja, amene anali atakangana ndi ana a pasukulupo, anayatsa moto mbandakucha, nthawi ya Fajr ili pafupi. Chipinda chogona chinali pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Khomo lake linali limodzi, ndipo moto unali pakhomo pomwepo. M'mazenera munali zitsulo zotchinga akuba, zosatheka kutsegula. Oyandikana nawo anamva kulira kwa anawo koma analibe poloŵera. Ana 21 ndi aphunzitsi awiri anamwalira. Woyatsa motowo ali ndi mlandu wake, koma amene anamanga chipinda cha khomo limodzi ndi kuwotcherera zitsulo m'mazenera anali atatseka kale njira ya moyo.

Ku Makkah, pa 11 March 2002, moto unabuka m'mawa pa sukulu ya atsikana imene inali m'nyumba ya lendi, yosamangidwa kuti ikhale sukulu, mmene munali ophunzira pafupifupi 800. Atsikana 15 anamwalira, ambiri mwa iwo chifukwa chopanikizana ndi kupondana pothawa. Manyuzipepala ena a m'dzikomo analemba kuti apolisi oona za makhalidwe anasokoneza ntchito yopulumutsa atsikana omwe sanavale zodziphimba, ndipo boma linakana zimenezo. Chimene sichinakanidwe n'chakuti nyumbayo inali yothinana ndiponso yopanda njira zokwanira zotulukira. Mwezi womwewo boma linachotsa sukulu za atsikana m'manja mwa nthambi imene inkaziyang'anira n'kuziika pansi pa unduna wa maphunziro.

Apa tiime pang'ono, pakuti nkhaniyi ikutikhudza. Ambiri mwa ife timakhoma chipinda cha atsikana ndi loko wakunja usiku, tikumati tikuteteza ulemu wawo, ndipo chipinda cha anyamata timachikhoma kuti asazembe kupita kunyanja kapena kokaonera kanema. Cholinga n'chabwino. Koma Imam al-Ghazali, pofotokoza zinthu zisanu zimene Shariya inadza kudzateteza, anatchula chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma. Moyo uli patsogolo pa chuma chimene zitsulo za m'mazenera zimateteza. Ulemu wa mwana wamkazi tingauteteze ndi mpanda, mlonda, ndi mayi wamkulu wogona nawo m'chipinda momwemo ali ndi kiyi. Loko wakunja amene kiyi wake ali m'thumba la munthu wogona kutali ndi msampha.

Anzathu a zipembedzo zina anadutsanso m'misozi yomweyi. Mu March 2001 anyamata 67 anafera pa sukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Machakos m'dziko la Kenya, khomo lina lili lokhoma ndipo mazenera ali ndi zitsulo. Mu July 2004, ku Kumbakonam m'dziko la India, moto wochokera kukhitchini unagwira denga lofolera ndi masamba ouma, ana 94 n'kumwalira. Mu 2008 boma la Kenya linatulutsa malamulo a chitetezo m'sukulu: zitseko za zipinda zogona zizitsegukira kunja, zisamakhomedwe kunja ana ali mkati, ndipo m'mazenera musakhale zitsulo. Koma mu September 2024 anyamata 21 anapsanso pa sukulu ya Hillside Endarasha ku Nyeri. Lamulo lolembedwa papepala silitsegula chitseko; amatsegula ndi munthu amene walitsatira.

Tikaika ngozi zonsezi pamodzi, tikuona nkhope imodzi. Zambiri zinachitika usiku, ana ali m'tulo. Ana anali ochuluka kuposa kukula kwa nyumba. Potulukira panali pamodzi, kapena panali pokhoma. Ndipo thandizo linafika mochedwa, chifukwa m'chipinda chotsekeka utsi umagwetsa munthu m'mphindi zochepa, lawi lisanamufike n'komwe.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu kuno, kuyambira Mangochi mpaka Salima ndi Nkhotakota, mwambo wotumiza mwana kukakhala kwa amwalimu ndi wakale, ndipo masiku ano malo ophunzirira ogonera pomwepo achuluka. Zoyatsa moto tili nazo pafupi: kandulo ndi koloboyi magetsi akazima, mbaula ya makala m'miyezi ya mwera, mawaya a sola olumikizidwa mwachisawawa, mafoni osiyidwa akutchajidwa pa matiresi, ndi petulo wa maboti wosungidwa m'zigubu. Zoudyetsa nazonso zilipo: madenga a udzu ouma gwa m'chilimwe, maneti a udzudzu, ndi matiresi a siponji amene amayaka mofulumira n'kutulutsa utsi wakupha. Magalimoto ozimitsa moto ambiri ali m'mizinda ikuluikulu, kutali ndi ife.

Choncho komiti ya mzikiti, amwalimu ndi makolo ayendere limodzi nyumba zimenezi, osati masana okha koma pambuyo pa Swala ya Isha, ana atagona mmene amagonera masiku onse. Adzifunse mafunso atatu: moto ungayambire pati, ungadye chiyani, ndipo mwana wamng'ono koposa onse, wogona pakona yakutali, angatulukire pati mumdima? Chipinda chilichonse chikhale ndi makomo awiri otalikirana. Zitseko zitsegukire kunja, pakuti gulu la ana a mantha likaunjikana pa chitseko chotsegukira mkati limachitseka ndi matupi awo. Zitsulo za m'mazenera zichotsedwe, kapena zikhale zotseguka kuchokera mkati. Khitchini italikirane ndi malo ogona, petulo asalowe pamalo a ana, ndipo kuwerenga kwa usiku kukhale kwa tochi kapena nyali ya sola. Pakhomo pakhale ndowa za madzi ndi za mchenga, ndipo onse adziwe kuti moto wa petulo suthiridwa madzi, komanso kuti moto wa magetsi umayamba wazimitsidwa pa switchi yaikulu. Ana aphunzitsidwe kukwawa pansi pa utsi, kusiya katundu yense, ndi kukumana pamalo amodzi odziwika pomwe mayina awo aziitanidwa m'kaundula. Zimenezi ziyesedwe kamodzi pa teremu, nthawi zina usiku.

Ena adzati imfa ndi qadar ya Allah. Zoonadi, palibe amene amafa nthawi yake isanakwane. Koma Mtumiki yemweyo amene anatiphunzitsa qadar ndi amene anauza munthu wa ngamila kuti ayambe waimanga kenako ayedzamire kwa Allah. Mwana amene wabwera ndi kachikwama kake kuchokera ku Makanjira kapena ku Chipoka ndi amanah m'manja mwathu, ndipo tidzafunsidwa za iye. Kusandutsa zenera limodzi kukhala khomo lachiwiri kumafuna mmisiri, chitseko ndi thumba la simenti. Komiti iliyonse ikhoza kuyamba kusonkhetsa zimenezi pambuyo pa Jumu'ah ya sabata ino. Allah atisungire ana athu, ndipo awachitire chifundo amene anatsogola.