Mawu a Amisiri Osintha Mapadi

Pa misika ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kulowera ku Ntaja, monga pa Nsanama pano, kumene kale mnyamata sanali kudziwa masewera ena madzulo koma bawo pansi pa mtengo ndi mpira wachikulunga pabwalo, masiku ano, malinga magetsi akhalepo, mupeza anyamata ataunjikana m'kachipinda ka mdima, maso ali tong'o pa kanema, m'manja atafumbata chipangizo chimene iwo achitcha padi. Gemu imene aikonda koposa ndi ya mpira. Ndipo wogonja, monga mwa chikhalidwe cha ana a anthu chiyambire, savomera kuti mnzake wamposa luso, koma anena kuti padi ndiyo yamugwetsa, kuti batani likukanirira, kapena kuti analogi yatha. Akulu amva zimenezi naseka. Komatu ntchito yonse ya amisiri osintha mapadi, imene kunja yalemeretsa ena ndi kufikitsa ena ku bwalo la milandu, inabadwira m'madandaulo omwewa, ndipo mawu ake, mukawasanthula bwino, ndiwo mayina a malo amene dzanja ndi chipangizo zisemphana.

Khasu ligulidwa ku sitolo, koma mpini usemedwa ndi munthu wodziwa msinkhu wa wolimayo. Fakitale iumba padi imodzimodzi ya anthu miyandamiyanda, a zala zazitali ndi a zala zazifupi, ndipo mmisiri wosintha ndiye wosema mpini uja. Mbiri yake ndi yakale kuposa PlayStation. M'chaka cha 1962, dziko lino likadatchedwa Nyasaland, anyamata a pa sukulu ya MIT ku America anali kusewera gemu ya Spacewar! pa kompyuta yotchedwa PDP-1, akukankha maswitchi a pa makinawo mpaka zigongono kuwawa. Ndipo popeza wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, awiri mwa iwo, Alan Kotok ndi Bob Saunders, anatola zotsalira napanga timabokosi ta mawaya toti munthu agwire ali chikhalire. Makampani anadza m'mbuyo. Atari inatulutsa ndodo ya batani limodzi mu 1977. Gunpei Yokoi wa ku Nintendo anapanga kamtanda koloza mbali zinayi, kotchedwa D-pad, mu 1982. Nintendo 64 inabwera ndi kandodo ka analogi mu 1996, ndipo chaka chotsatira Sony inatulutsa DualShock ya tindodo tiwiri ndi kunjenjemera. Kusiyana kwa kamtanda ndi analogi ndiko maziko a zonse: kamtanda kadziwa inde ndi ayi basi, pamene analogi idziwa muyeso, kuti chala chakankha pang'ono kapena kwambiri, kotero kuti wosewera wa pa kanemayo ayende kapena athamange.

Tsono taonani chisalungamo cha padi yotere. Chala chachikulu cha kudzanja lamanja chapatsidwa ntchito ziwiri, kuwongolera kandodo ndi kudina mabatani anayi a pamwamba, ndipo sichingachite imodzi popanda kusiya inzake. Pomwe zala zitatu za kumbuyo, zimene zili ndi mphamvu zokwanira, zingokhala phee, zikuchirikiza chikuto. Osewera ena anayesa kupinda chala cha mkombaphala kuti chikwere pa mabatani, kagwiridwe kamene akatcha claw chifukwa dzanja lioneka ngati chikhadabo, koma ambiri anakolola kupweteka kwa mitsempha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Nzeru imeneyi ndiyo inautsa kampani ya Scuf Gaming, imene Duncan Ironmonger anayambitsa mu 2011, nikhazikika pafupi ndi mzinda wa Atlanta: anatenga mapadi a Xbox ndi a PlayStation, nawatsegula, namata kumbuyo kwake timalilime tatitali totchedwa paddle, tolumikizidwa ndi mawaya ku mabatani a pamwamba, kuti zala zaulesi zija zilowe m'munda. Pa paddle panabadwa liwu lina, remap, ndiko kuuza padi kuti lilime lakuti ligwire ntchito ya batani lakuti monga afunira mwini wake. Panabadwanso trigger stop, kachotchinga kofupikitsa ulendo wa batani la paphewa, pakuti mu gemu ya nkhondo chipolopolo chichoka batani lisanafike pansi, ndipo mtunda wotsalawo ungotayitsa nthawi. Ena afika pochotsa timainjini tonjenjemeretsa tija, timene tili ndi kachitsulo kolemera mbali imodzi, kuti padi ipepuke ndi kuti dzanja lisagwedezeke polunjika. Chimene fakitale inachiyesa ulemerero, katswiri achiyesa katundu.

Chinthu chikakoma, eni ake achuluka. Microsoft, potulutsa padi yake ya Elite mu 2015, inagwirizana ndi Scuf za chilolezo chogwiritsa ntchito luso lake. Kampani ya Valve, imene inaika zodinira kumbuyo kwa padi yake ya Steam Controller popanda pangano lotere, inazengedwa mlandu, ndipo mu February 2021 khoti linagamula kuti ilipe madola oposa pang'ono 4 miliyoni. Pa nthawiyo n'kuti Scuf itagulidwa kale ndi kampani ya Corsair, kumapeto kwa 2019. Pali nkhani inanso imene amisiriwa sathawa, ya malire pakati pa kuthandiza dzanja ndi kulilowa m'malo. Paddle sichita kanthu chala chisanadine, chifukwa chake mipikisano yambiri iilola. Koma turbo, imene ibwereza kudina kambirimbiri munthu atadina kamodzi, ndiyo chinyengo choonekeratu, ndipo akuchita bwino oiletsa. Za utoto, zithunzi ndi mabatani onyezimira, zimene zikometsa malonda ndi kukweza mtengo, sinditayirapo mawu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Liwu limene likhudza ife kuno koposa onse ndi drift, nthenda ija imene anyamata anena kuti analogi yatha: munthu wachotsa chala, koma wosewera wake akungoyenda yekha kulowera kunja kwa bwalo. Tinene chatsitsa dzaye. Pansi pa kandodo pali tizipangizo tiwiri totchedwa potentiometer, kena koyeza kumanja ndi kumanzere, kena kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo m'kati mwa kalikonse muli kachitsulo kokwekwesa pa mzere wa kaboni. Tsiku ndi tsiku kaboniyo aperepeseka, fumbi la mwezi wa Okutobala lilowa, thukuta litsatira, kufikira padi iyamba kuchitira umboni wonama kuti chala chakankha pamene sichinakhudze. Opanga magemu aphimba nthendayi ndi dead zone, kadera ka pakati kamene makina auzidwa kuti asamvere. Koma mukakulitsa kaderako, padi igontha, ndipo kukankha kwa pang'ono kutayika. Mankhwala enieni ndi a maginito, otchedwa Hall effect potsata Edwin Hall, amene anatulukira chinsinsi chake mu 1879: kandodo kayendetsa maginito pafupi ndi kachipangizo komva mphamvu yake, osakhudzana, ndipo posakhudzana palibe choperepeseka. Sega inaika luso limeneli mu padi ya Dreamcast mu 1998, koma makampani akulu anakakamirabe kaboni, nasiyira amisiri ang'onoang'ono ntchito yozula zakale ndi kuwotcherera zatsopano.

Wokonza mafoni wa pa msika, kaya ndi pa Nsanama kaya ku Balaka, sadziwa dzina la Ironmonger, koma muyang'aneni akalandira padi ya PlayStation 2 yodwala. Amasula tizomangira ta kumbuyo naika m'chivindikiro cha botolo kuti tisasowe. Atukula chikuto mosamala, podziwa kuti mabatani a paphewa sachedwa kugwa. Atulutsa kamphira kofewa kamene kali ndi timadontho takuda kunsi kwake, napukuta dontho lililonse ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti. Waya ukaduka pa khosi, pamene upindika nthawi zonse, audula, nausenda, nalumikiza mtundu ndi mtundu ndi mtovu. Mapadi awiri akufa atulutsa imodzi yamoyo. Ntchito yake ndiyo kubwezera chinthu monga chinalili, pamene ya amisiri aja ndiyo kuchisandutsa chimene sichinakhalepo. Koma zida ndi zomwezo, ndipo mtunda wa pakati pawo ndi mawaya awiri ndi kaswitchi kamodzi.

Ndipo ngati pali mbali ya ntchitoyi yoyenera ulemu, si ya akatswiri ofuna kupambana ndi kamphindi, koma ya iwo amene fakitale inawaiwala konse, a dzanja limodzi, a zala zopuwala, ndi odwala sitiroko. Benjamin Heckendorn wa ku America anadziwika ndi kupanga mapadi a dzanja limodzi, mabatani onse atasamutsidwira mbali imodzi. Ndipo mabungwe monga AbleGamers ndi SpecialEffect anagwira ntchito ndi Microsoft kufikira mu 2018 kunatuluka Xbox Adaptive Controller, thabwa lophwatalala la mabatani awiri akuluakulu, lokhala ndi mabowo 19 kumbuyo kwake. Bowo lililonse liimira batani limodzi, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 3.5, chimodzimodzi bowo la mahedifoni pa foni; kotero kuti munthu angathe kulowetsamo switchi yoponda ndi phazi, yodina ndi chibwano kapena ndi chigongono, ngakhale yopangidwa ndi mmisiri wa pa msika.