Aphunzitsi Amene Adatchona ku Joni

M'chaka cha 1909 mudatsekulidwa sukulu ziŵiri zosula aphunzitsi, ina ku Blantyre, ina ku Johannesburg. Ya ku Blantyre idali Henry Henderson Institute, imene Mishoni ya Church of Scotland idamanga kuti iziphunzitsa aphunzitsi, amisiri ndi akalaliki. Ya ku Johannesburg idali Johannesburg Normal College, ya Boma la Transvaal, imene pambuyo pake idatchedwa Johannesburg College of Education. Koleji imeneyi itasamukira ku Parktown m'zaka za m'ma 1970, idakhala m'mphepete mwenimweni mwa Hillbrow, mtunda woyenda pansi. Anyamata ambiri amene adaphunzira uphunzitsi m'sukulu za Mishoni ku Nyasaland adakathera mumzinda womwewo, koma kwa zaka pafupifupi 80 panalibe ndi mmodzi yemwe amene akadaloledwa kukhala pa benchi la kolejiyo, pakuti idali ya Azungu okhaokha.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi mmene Mishoni inkakonzera mphunzitsi. Mbusa A.C. Murray ndi Mbusa T.C.B. Vlok atafika pa Mvera pa 28 Novembala 1889, adazindikira msanga kuti anthu aŵiri sangathe kufikira midzi yonse ya Acheŵa ndi Angoni. Motero mnyamata amene wagwira msanga kuŵerenga ankapatsidwa kagulu ka ana anzake kuti awathandize, iye mwini akupitirizabe kuphunzira. Akakhwima ankatumizidwa kumudzi kukayamba sukulu m'nyumba yaudzu, imene Lamulungu inkasanduka nyumba ya mapemphero. Kumeneko adali mphunzitsi, mlaliki, wophunzitsa aklasi, ndiponso woŵerengera anthu makalata ochokera kwa abale awo akutali. Chaka ndi chaka ankabwerera ku siteshoni kwa masabata angapo kukawonjezera nzeru ndi kuyesedwa mayeso, ndipo akakhoza ankakwera giredi. Koyambirira kwa zaka za m'ma 1900 Mishoni idakhazikitsa sukulu yeniyeni ya aphunzitsi pa Mvera, imene pambuyo pake idasamukira ku Nkhoma ndi kutchedwa dzina la Mbusa William Murray, amene adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika.

Mayeso a m'kalasi sadali okhawo. Mnyamata wokonzekera uphunzitsi ankayang'aniridwa pa makhalidwe ake, pa ukwati wake, pa moŵa ndi pa gule, ndipo akachimwa pa zimenezi ankataya ntchito ndi mgonero pamodzi. Ankalima m'munda wa sukulu ndi kuphunzira ntchito zamanja. Apa mpamene Mishoni ya Dutch Reformed idasiyana ndi abale ake a ku Scotland. Ku Livingstonia, pa Overtoun Institution imene Dr Robert Laws adatsekula mu 1894, ophunzira ankaphunzira Chingerezi chozama ndi maphunziro ena apamwamba. Ku Mvera ndi ku Nkhoma amishoni adaika mtima pa chilankhulo cha anthu, pa ulimi ndi pa sukulu zambiri za m'midzi, poopa kuti Chingerezi chochuluka chidzachotsa mnyamata pakati pa anthu ake. Njira imeneyi idabala zipatso zake, pakuti anthu ochuluka zedi adadziŵa kuŵerenga Mawu a Mulungu m'chilankhulo chawo. Komabe idasiya dandaulo limene Akhristu a m'Chigawo cha Pakati adalinena kwa zaka zambiri, lakuti ana awo adatsalira m'mbuyo pamene maudindo a m'maofesi ankagaŵidwa.

Mantha a amishoniwo sadali opanda maziko. Malipiro a mphunzitsi wa Mishoni adali ochepa, msonkho wa nyumba unkafunika chaka ndi chaka, ndipo kumwera kunali malipiro oposa a kuno kangapo. Mbiri za anthu atatu zikuonetsa bwino njira zimene zidali pamaso pa wophunzira wa masiku amenewo. Clements Kadalie, wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, adatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia asanakwanitse zaka 20. Adaphunzitsa nthaŵi yochepa chabe, ndipo mu 1915 adanyamuka. Atagwirako ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, adafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mu 1919 adayambitsa bungwe la antchito la ICU, limene likulu lake pambuyo pake lidasamukira ku Johannesburg. Pofika 1927 bungwelo lidali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Luso loyankhula pagulu limene Mishoni idamsulira kuti akaime nalo pamaso pa ana makumi angapo lidakagwedeza Boma la South Africa.

Wachiŵiri ndi Hastings Kamuzu Banda. Mu 1915 adakhala pa mayeso a aphunzitsi achinyamata ku dera la Kasungu, limene nthaŵi imeneyo lidali m'manja mwa Livingstonia. Monga mbiri yake imanenera, adaimirira kuti aone bwino pa bolodi, ndipo woyang'anira mayeso, T. Cullen Young, adaganiza kuti akuonera kwa mnzake namtulutsa. Mnyamatayo adayenda ulendo wapansi mpaka ku Hartley ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake, pamodzi ndi amalume ake Hanock Msokera Phiri, amenenso adali mphunzitsi wa ku Livingstonia, adapitirira kumwera. Adakhala kalaliki pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg kufikira 1925, pamene mpingo wa African Methodist Episcopal udamthandiza kupita ku America. Wachitatu, Samuel Josia Nthara, sadachoke. Adaphunzira ndi kuphunzitsa m'sukulu za Mishoni ya Nkhoma, ndipo buku lake la Nthondo lidapata mphotho pa mpikisano wa olemba a mu Afrika. Amene adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi Cullen Young yemwe uja.

Boma lidachedwa kuloŵa pa ntchito yosula aphunzitsi. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924 ndi kudandaula kuti Boma lasiyira Mishoni katundu yense, Dipatimenti ya Maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes idatsekulidwa ku Domasi. Kumeneko aphunzitsi osankhidwa ndi Mishoni zawo ankabwera ndi mabanja awo. Abambo ankaphunzira kuyendera ndi kuwongolera sukulu za m'midzi, amayi akuphunzira za ukhondo, kulera ana ndi kusoka. Zikalata za uphunzitsi zidayamba kutuluka m'dzina la Boma, za giredi ya chilankhulo cha kuno ndi za giredi ya Chingerezi.

Nanga mwini chikalata chotero akafika ku Joni ankapeza chiyani? Ena ankapita pa mgwirizano wa Wenela, ena pa okha, amene anthu ankawatcha a selefu. Pa mgodi, wodziŵa kulemba ndi Chingerezi ankapulumuka kuloŵa pansi, nakhala mabalane, wolemba matikiti a antchito ndi womasulira. M'tauni Anyasa adatchuka ngati ophika, operekera zakudya m'mahotela ndi antchito a m'nyumba okhulupirika. Chikalata cha Mishoni chinkagwira ntchito ngati umboni wakuti mwini wake amamva Chingerezi ndipo saba, koma kaŵirikaŵiri sichinkamfikitsa m'kalasi. Ambiri a iwo ankaphunzitsabe, madzulo m'komponi, kuŵerengetsa anzawo ndi kutsogolera mapemphero, popanda malipiro ndi popanda woŵaŵerengera zaka za utumiki. Mpingo wa kwawo unkangoŵalemba m'gulu la matchona.

Hillbrow, imene ili pa chitunda kumpoto kwa pakati pa mzinda, idali dera la Azungu, ndipo lamulo la Group Areas Act la 1950 lidatsimikiza zimenezo. Munthu wakuda ankagonamo ngati wantchito basi, m'tizipinda ta pamwamba pa nyumba zosanja, ndipo mu 1955 Boma lidalamula kuti m'nyumba imodzi musagone antchito akuda oposa asanu popanda chilolezo chapadera. M'mphepete mwa deralo mudali ndende ya Old Fort, ndi chigawo chake cha Number Four chimene ankatsekeramo amuna akuda, ambiri a iwo pa milandu ya pasi. Kwa Mnyasa wopanda mapepala, chipata cha ndende imeneyo chidali chapafupi kuposa cha koleji.

Aphunzitsi akuda a ku South Africa komweko ankasulidwa monga a kuno, m'sukulu za Mishoni: Lovedale, Adams College, Kilnerton ya Amethodist ku Pretoria, Grace Dieu ya Anglican pafupi ndi Pietersburg. Lamulo la Bantu Education Act la 1953 ndilo lidathetsa zimenezi. Dr H.F. Verwoerd, amene adali nduna yoona za anthu akuda, adanena poyera kuti mwana wakuda asaphunzitsidwe zinthu zomuyembekezetsa malo amene sadzaloledwa kukhalamo. Iye adadziŵa kuti wogwira koleji ya aphunzitsi wagwira sukulu zonse, ndipo chifukwa chake adalamula kuti ntchito yosula aphunzitsi ichoke m'manja mwa mipingo. Thandizo la ndalama ku sukulu za Mishoni lidachepetsedwa mpaka lidatheratu. Bishopu Ambrose Reeves wa ku Johannesburg adasankha kutseka sukulu za dayosizi yake kusiyana ndi kuzipereka. Sukulu ya St Peter's ku Rosettenville, kumene Oliver Tambo adaphunzitsako, idatsekedwa mu 1956, Grace Dieu mu 1958, Kilnerton mu 1962. Desmond Tutu, amene adatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Pretoria Bantu Normal College mu 1953, adaphunzitsa zaka zitatu nasiya, nayamba maphunziro a ubusa.

Pali chinthu chimodzi chimene mbiri yoona siingachilumphe. Mpingo wa Dutch Reformed, umene udatumiza a Murray ndi a Vlok, umene udamanga Mvera, Kongwe ndi Nkhoma, ndi womwewo umene kwawo udavomereza ulamuliro wa tsankho ndi kuufunira maziko m'Malemba, kufikira pamene Sinodi yake yaikulu idayamba kubwerera m'mbuyo mu 1986. Sikungakhale chilungamo kunena kuti sukulu za ku Nkhoma zidali Bantu Education, pakuti amishoni ambiri adapereka moyo wawo wonse kwa ophunzira awo, ndipo manda awo ali pakati pa Acheŵa. Komabe mawu akuti mwana wa mu Afrika aphunzire zoyenera kumudzi kwawo ankamveka mbali zonse ziŵiri za Limpopo. Mphunzitsi wa ku Nkhoma amene adaona Johannesburg ndi maso ake ankabwerera ndi mafunso amene amishoni sadali okonzeka kuwayankha. Ku Malaŵi mafunsowo adapeza yankho lina, pamene Sinodi ya Nkhoma idalandira ufulu wodzilamulira mu 1962 ndipo dziko lidalandira wake mu 1964. Ku Johannesburg adaphulika pa 16 Juni 1976, ana a sukulu a ku Soweto atakana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans.

Zotsatira zake zidayenda mofulumira. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 ndi kupha Amalaŵi 74, Dr Banda adaletsa kulemba antchito a m'migodi, pa nthaŵi imene Amalaŵi oposa 100,000 adali kumeneko. Ntchitoyo idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, ndipo idatheratu mu 1988. Anthu akuda adayamba kukhala m'nyumba zosanja za ku Hillbrow lamulo lisanasinthe, ndipo Group Areas Act idafafanizidwa mu 1991. Johannesburg College of Education idatsekula zitseko zake kwa mitundu yonse, koma siidakhalitse payokha, pakuti mu 2001 Boma latsopano lidaphatikiza makoleji a aphunzitsi ku mayunivesite, ndipo iyo idakhala gawo la University of the Witwatersrand. Pa malo a ndende ya Old Fort, imene idatsekedwa mu 1983, padamangidwa Bwalo Lalikulu la Malamulo a Dziko, lotsekulidwa mu 2004.

Ku Malaŵi nako mphunzitsi wophunzira ali pa ntchito adabweranso. Mu 1994 Boma litachotsa fizi ku pulayimale, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kuposerapo. Achinyamata zikwizikwi adaloŵa m'kalasi ataphunzitsidwa masabata ochepa chabe, ndipo kuyambira 1997 ndondomeko ya MIITEP inkaŵatengera ku koleji miyezi itatu, kenaka kubwerera kukaphunzitsa akuphunzira. Amene ankakumbukira masiku a Mvera sadaone chachilendo, kungoti ana m'kalasi imodzi adali ochuluka koposa. Mu 2005 maphunziro a mphunzitsi wa pulayimale adakhala a zaka ziŵiri, mbali ina ku koleji, mbali ina m'sukulu. Masinodi adabwereranso pa ntchito yawo yakale, pakuti University of Livingstonia, imene idayamba mu 2003, ndi Nkhoma University zonse zimasula aphunzitsi a sekondale. Vuto limene lakula ndi lakuti magulu angapo a omaliza maphunziro adikira chaka kapena zaka asanalembedwe ntchito ndi Boma.

Ena mwa odikirawo amakwera basi pa depoti ya ku Blantyre imene mpaka lero imatchedwa Wenela, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, nakatsikira ku Park Station, kumunsi kwa Hillbrow. Palibenso lamulo la khungu limene likuŵaletsa kuphunzitsa. Chimene chilipo ndi chakuti zikalata zawo ziyesedwe ndi bungwe la SAQA, iwo alembetsedwe ku bungwe la aphunzitsi la SACE, ndipo akhale ndi chilolezo chogwira ntchito. Mphunzitsi watsopano ku South Africa amafunika digiri ya zaka zinayi, kapena digiri ina ndi chaka chimodzi cha uphunzitsi pamwamba pake, ndipo chikalata cha zaka ziŵiri cha ku koleji ya pulayimale ya ku Malaŵi sichifika pamenepo. Oŵerengeka amapeza malo m'tisukulu ta eni ake ta m'kati mwa mzinda, mmene aphunzitsi ochokera kunja, makamaka ku Zimbabwe, ndi ambiri. Otsalawo amagwira ntchito m'masitolo, m'madimba a maluŵa ndi m'makhitchini a m'nyumba za anthu.